Loko Watsopano pa Geti la Profesa

Achimwene anga anasiya kukhulupirira Mulungu tsiku lomwe anagwa pa chisankho cha akulu ampingo. Anthu amene anawavotera sakanadzaza ngakhale benchi imodzi, ndipo pa anthuwo panali iwo eni ake ndi akazi awo. Pofika Lolemba anali atazindikira kuti tchalitchi ndi msampha wa anthu osaphunzira. Anagula magalasi, n'kuyamba kukhala pakhonde ndi chibuku cha sayansi chomwe chaka chonse chinali chotsegula pa tsamba limodzimodzi. Anthu a mumsewu mwathu anawapatsa dzina loti Profesa, iwo n'kumavomera ndi chifuwa chonse, osadziwa kuti anthu akuwanyogodola.

Chimene chinkawapweteka n'chakuti alamu anga, akazi awowo, sanagwe nawo. Alamu ankaimba m'kwaya, ndipo atamva lamulo loti m'nyumbamo musapezeke wopita kutchalitchi sanakangane ndi munthu. Lamlungu anasita bulauzi yawo yoyera, n'kunyamuka monga mwa nthawi zonse. Apa m'pamene Profesa anabwera kwa ine.

Ine ntchito yanga ndi ya maloko ndi makiyi. Kashopu kanga kanatsamira pa mpanda wa achimwene, ndipo waya wa magetsi oyendetsera makina odulira makiyi amachokera m'nyumba mwawo. Anandiuza kuti akufuna loko wolimba pageti. Ndinamuika, ndikudziuza mumtima kuti ndi wa akuba, ngakhale ndinkadziwa bwino lomwe kuti wakubayo ndani. Nanenso ndimaimba besi m'kwaya yomweyo.

Kuyambira pamenepo, Lamlungu lililonse m'mamawa Profesa ankakhoma geti, kiyi n'kumukoleka pakhosi ndi chingwe ngati mwana wasukulu. Alamu ankasamba, kuvala zakutchalitchi, kutenga mpando n'kukhala pafupi ndi geti, buku la nyimbo lili pamiyendo. Nthawi ya mapemphero ikakwana ankayamba kuimba okha. Profesa ankakweza wailesi mpaka sipika kuchita kulira. Anawabisira nsapato, alamu anakhala pampandopo opanda nsapato. Anaitana anzawo awiri a kumowa kuti adzaone misala, koma anzawowo atamva nyimbo yomwe inaimbidwa pa maliro a mayi a mmodzi wa iwo anavula zipewa n'kuchoka mwakachetechete. Ine ndinkadutsa kunja kwa mpanda ndi tayi yanga, ndikuwanyoza achimwene ndi mtima wanga wonse. Munthu wamkulu, ndevu zake zaimvi, kumathera mphamvu pa mayi woimba nyimbo.

Patatha miyezi itatu chikumbumtima chinandikula. Munthu wa ntchito yanga akagwira kiyi kamodzi saiwala mano ake, choncho ndinadula wina n'kukawapatsa alamu akuyanika zovala. Anamuyang'ana, n'kundibwezera m'manja.

“Alamu, ine si wakuba kuti ndizituluka mozemba m'nyumba mwanga,” anatero. “Amene anatseka ndi amene adzatsegule.”

Anadzatseguladi, koma mwa njira yawo. Loweruka lina Profesa anatiitana tonse pabalaza, n'kulengeza moyenda uku ndi uku kuti mawa geti likhala lotsegula. Akazi awo asankhe okha, anatero, koma akangoponda kunja asabwerenso. Ukwati wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi anauika pageti choncho. Anali atawerengera bwino: alamu analibe ntchito, abale awo anali kutali, ndipo ana onse anakwatira n'kuchoka. Atamaliza kulankhula anapukuta magalasi awo mosangalala, ngati munthu amene wapambana kale mlandu.

Lamlungu alamu anawaikira amuna awo madzi osamba, anawakonzera tiyi, anatsuka makapu, kenaka anatenga buku lawo la nyimbo n'kutuluka. Sanathamange komanso sanatembenuke. Profesa anatsala pakhonde kukamwa yasa, chibuku cha sayansi chili chozondoka m'manja.

Profesa anandipeza m'shopu ndikumanga tayi kuti nditsatire alamu kutchalitchi. Anandilamula kuti ndisinthe loko wa pageti ndi wa chitseko cha m'nyumba mapemphero asanathe. Ndinawapempha kuti mtima uyambe wakhala pansi, ndipo ndinatchulako ndithu mawu oti manyazi. Iwo anangokweza maso n'kuyang'ana waya wa magetsi uja, kuyambira pakhoma la nyumba yawo mpaka pomwe analowera m'shopu mwanga. Ndinavula tayi.

Ntchito ya theka la ola inanditengera m'mawa wonse chifukwa masikuluwu ankangondigwera m'fumbi. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndinavumbwadi. Profesa anatulutsa chikwama cha zovala za akazi awo n'kuchiika kunja kwa geti, kenaka katswiri wathu wa nzeru anakabisala kuseri kwa katani.

Alamu anandipeza nditagwada pageti, ndikuyesa loko watsopanoyo komaliza. Ndinkayembekezera kuti anditukwana, ndipo zikanandipepukira. Iwo anandipatsa moni bwinobwino, n'kunena kuti besi inasowa lero m'kwaya. Anayang'ana chikwama, anayang'ana katani yomwe inkagwedezeka, ndipo misozi inalengeza m'maso mwawo koma sinagwe. Ndinawafunsa kumene apite. Anati mayi wina wa m'kwaya ali ndi chipinda chosungiramo katundu, ndipo Mulungu amene anakhala nawo pampando uja miyezi itatu sangasochere njira ya kumeneko.

Atasenza chikwama anagwira lokoyo, n'kumuyesa ndi chala.

“Ameneyu ndi wolimba kwambiri, alamu,” anatero. “Mumuthire mafuta. Achimwene anu dzanja lamanja limawavuta m'mawa, koma sanena.”

Anatsika ndi msewu, chikwama pamutu, bulauzi yoyera ikuoneka mpaka pokhota. Chaka chonse ndinkadziwa bwino munthu woti ndizimunyoza mumsewu mwathu, koma masana amenewo ndinazindikira kuti tinali awiri. Ndinalowa m'shopu, ndinatenga kabotolo ka mafuta, n'kukathira m'lokomo monga anandiuzira.