Tsiku Limene Pak Tugiman Anatalika

Chilonda cha pa chala cha kuphazi cha Pak Tugiman, kapena kuti Bambo Tugiman m'chinenero cha kwathu, chinkakana kupola. Mkazi wawo, Bu Warsini, kapena kuti Mayi Warsini, anayesa mankhwala onse amene ankawadziwa, koma chilondacho chinkangotuluka madzi. Ludzu nalo silinkawachoka bambowo, ndipo buluku linayamba kukhwefuka m'chiuno.

Chovuta chinali chakuti Bu Warsini ndi amene amagulitsa jamu m'mudzi mwathu, chakumwa cha zitsamba chimene timamwa m'mawa. Akamayenda ndi dengu la mabotolo kumsana, ankakonda kunena kuti, "Muwaone amuna anga. Khomo la chipatala salidziwa."

Ndiye panafika uthenga wakuti a kafukufuku abweranso kusukulu. Kafukufukuyu amatsata anthu ambirimbiri m'dziko lonse, ndipo Pak Tugiman analowamo mwa kufuna kwawo akadali amphamvu. Pakapita zaka zingapo, anthu omwewo amayezedwanso magazi, msinkhu ndi kulemera, n'kufunsidwa zimene amadya ndi fodya amene amasuta.

"Bu, ndikapita kumeneko akandipeza ndi chinthu," anatero Pak Tugiman. "Kenako mudzi wonse udziwa kuti mwamuna wa mayi wa jamu akuwola phazi. Adzakugulani ndani?"

Bu Warsini anapitiriza kutsuka mabotolo osadzutsa mutu. Kenako anati, "Ngatijo mumafanana naye nkhope."

Ngatijo ndi mng'ono wawo wa Pak Tugiman, wa kabaza wa njinga yamoto. Atamva pempho loti akayezedwe m'malo mwa mkulu wake, anaseka mpaka kugwira pamimba.

"Mas, achimwene anga, ine ndikakhale inuyo? Ndiye ndiyambiretu kuyenda ngati bakha?"

"Usandiseke, iwe. Ukangopereka mkono, basi. Akakufunsa, uziyankha mwaulemu."

Ngatijo anapita. Oyeza anali achinyamata achilendo ochokera kutawuni, ndipo palibe anamukayikira.

Mpunga utayamba kucha, kunyumbako kunabwera Bu Ratmi, namwino amene amayendera anthu a m'kafukufuku. Anamulandira pakhonde ndi tiyi wotsekemera ndi nthochi zokazinga. Anacheza za mvula, anacheza za mbewa zimene zinkadya mpunga. Pak Tugiman anali atabisa phazi lawo pansi pa benchi.

"Pak, ndabwera kudzakuyamikirani," anatero Bu Ratmi mofatsa. "Mwa anthu onse amene timawayeza, ndinu nokha amene mwatalika mutakalamba. Jamu wa Bu Warsini ndi woopsa ndithu."

Ngatijo, amene ankapukuta njinga yake pabwalo, anatsamwa ndi chiseko n'kuthawira kuseri kwa nyumba. Pak Tugiman anangoti zyoli. Akanakonda nthaka ikanang'ambika.

"Nzeru imeneyi inali yanga, Bu," anatero Bu Warsini ndi mawu apansipansi. "Ndinaopa kusekedwa."

Bu Ratmi sanakalipe. Anaika kapu pansi n'kunena kuti, "Manyazi ndimawadziwa. Koma tamverani. Ife timatsata munthu mmodzi yemweyo zaka zambiri, kuti tidziwe matenda amene amayenda m'magazi kuchokera kwa makolo, ndi amene timawatola m'mbale ndi mu utsi wa fodya. Magazi a Ngatijo ndi a Ngatijo, ngakhale munayamwa bere limodzi. Tikawalemba ngati anu, kafukufuku adzanena kuti munthu wa zaka zanu, womwa shuga chonchi, alibe vuto. Adzukulu anu adzalangizidwa zabodza."

"Nanga anthu akamva?" anafunsa Pak Tugiman.

"Amva kwa ndani? Magazi anu amayenda ndi nambala, osati dzina, ndipo ine ndilibe chilolezo chouza ngakhale mng'ono wanu. Mukatopa ndi kafukufukuyu muli ndi ufulu wosiya, palibe angakudzudzuleni. Koma kutumiza wina, ayi. Tsono, Pak, phazi mwabisalo nditalionako."

Analitulutsa pang'onopang'ono. Bu Ratmi atamasula kansalu kamene anamanga pachilondapo, nkhope yake inasintha.

"Ili silodikira. Kafukufuku sachiza munthu, koma amamuonetsa njira ya kuchipatala. Mukanabwera nokha tsiku lija, bwenzi mutayamba kale mankhwala."

Bu Warsini anabisa nkhope m'nsalu yawo. Mawu amenewo anawapweteka kuposa chiseko chimene ankachiopa.

M'mawa mwake Ngatijo yemweyo anawanyamula achimwene ake pa njinga kupita kuchipatala. Anawapeza ndi matenda a shuga. Dokotala anati chala chapulumuka mwamwayi. A kafukufuku anachotsa zonse za Ngatijo, n'kuwayezanso Pak Tugiman enieni. Atayima pa choyezera msinkhu, Ngatijo anafuula pakhomo kuti, "Mas, mwafupikanso msanga bwanji?" Pak Tugiman nawonso anaseka, koyamba pa nthawi yaitali.

Chilonda chinapola mvula isanabwerenso. Chimene chinatsala chinali dengu la mabotolo. Tsiku loyamba kutuluka nalo, Bu Warsini anayenda moweramira pansi. Mayi wina wogula anafunsa mwanthabwala, "Nanga amuna anu aja osadziwa chipatala ali bwanji?"

Bu Warsini anatula dengu pansi. "Akuchidziwa tsopano. Ali ndi shuga, ndipo ine ndi amene ndinawachedwetsa. Lero ndili ndi jamu wopanda zotsekemera, koma musati ndi mankhwala a shuga. Mukayezetse."

Mayiyo anapereka kapu yake. "Ndithireni wosatsekemerayo. Amuna anganso ali m'kafukufuku, ndipo ananamiza oyeza kuti anasiya fodya. Ndikawauza akakonze."

Tikalowa m'kafukufuku wa zaumoyo, tizipita tokha ndi kunena zoona, ngakhale zochititsa manyazi. Manyazi amatha. Chala chikaduka sichimeranso.