Mtsempha Wolowera Khomo Lina

"Amayi, magazi akasochera amafunsa njira kwa ndani?" Anandifunsa choncho mwana wanga Tinyade ali wamng'ono, atadzicheka chala. 

Funsoli linabweranso nditaperekeza mnansi wanga Nangozo kukaunikitsa pathupi pake. Adokotala anati mtsempha wochotsa magazi m'mapapo a mwanayo sunalowe pamalo pake mumtima, ndipo mwina pali zinanso zimene sizikuoneka bwino. Anati akachilire kuchipatala chachikulu kutauni, kuti mwana akangobadwa athandizidwe msanga. Panjira Nangozo anandiletsa kuuza munthu. Kwathu kuno za mwana wosabadwa sitiyankhula, ukatchula choipa amati wachiitana. Anati adzachilira pachipatala chathu chaching'onochi monga kale.

Ndiye ndinalota.

Ndinali kusikelo, mabenchi ali m'madzi ofika m'akakolo, amayi atakhala bwinobwino. Namwino anapaka mafuta ozizira amene amapaka pounika aja pakhoma m'malo mwa pamimba. Khomalo linapuma, n'kutseguka. Anati ndilowe, nsapato ndisiye.

Mkatimo munali nyumba yaing'ono ngati suku, koma ndinaimamo osawerama. Makoma ake ankasendera kwa ine n'kubwerera. Kusukulu yausiku anatiphunzitsa kuti mtima uli ndi zipinda zinayi, koma za mphasa sanatiuze. Chipinda chakumanzere chinali chosesa bwino, mphasa yoyala kale, chouma. Mtsinje wofiira, wofunda, unkachilambalala n'kukalowa kumanja, komwe kunali kodzaza kale.

Pamlatho panali malemu amuna anga, a Chikopa, akupopa tayala la njinga yawo ya kabaza, lopanda chubu. Moni sanandipatse. Anati ndachedwa, mlendo watopa n'kuzungulira. Nditafunsa kuti mlendo wake uti, analoza mtsinjewo.

Ndinagwada n'kuulonjera. Unayankha mwaulemu ngati munthu wochokera kutali.

"Zikomo, mayi. Ndachokera kumapapo, ndasenza mpweya wa mwini nyumba. Khomo limene anandiuza sindikulipeza. Kodi pano ndi pa yani?"

Yankho ndinkalidziwa, koma lilime linakana kudzuka. Nditacheuka, amayi akusikelo aja anali ataima pagombe, aliyense dzanja lili pakamwa. Nangozo anali pakati pawo, mimba yake ataisenza pamutu ngati ndowa.

Ine sindithamangira zinthu. Ndinayamba kukumba ngalande ndi manja, dothi linkabwerera pamalo pake. Ndinatunga ndi chikho kuti ndikathire kumanzere, chikho chinafika chili ndi mchenga. A Chikopa anati imeneyo si ntchito ya manja anga. Amisiri ake ali kutauni, ndipo sabwera panyumba imene mwini wake sanatchulidwe.

Kunja kunamveka kugogoda. A Chikopa anati limenelo ndi tsiku lobadwa, ndipo likalowa mlendo asanapeze khomo, nyali izima. Nyaliyo sindinaione, koma ndinkaitchinga ndi dzanja. Makoma anayamba kubiriwira ngati milomo ya munthu wozizidwa.

"Pano ndi pa yani, mayi?" unafunsanso mtsinje.

"Pano ndi pa mwana wa Nangozo," ndinatero. "Akudwala mtima."

Manja onse anatsika pakamwa. Ndinadikira kuti denga ligwe, koma silinagwe. A Chikopa anaupinda mtsinjewo, anaukweza pakaliyala n'kuumanga ndi mphira, ndipo anati ine nditsogole. Njira yakutauni sindinkaidziwa, komabe sindinanene. Kugogoda kuja kunamvekanso. Ndinagwira chitseko, chinali chofunda ngati chikhatho cha khanda.

Ndinadzuka dzuwa litakwera. Mapazi anga anali ouma, ndinawakhudza kuti nditsimikize.

Nangozo anali akuyanika zovala kuseri kwa mpanda. Ndinamuuza malotowo osawonjezerapo kanthu, ngakhale zambiri sindinazimvetse. Anamvetsera chitenje chikudontha m'manja. Kenaka anati apongozi ake akamva adzati tamulodza mwana ndi pakamwa, ndiponso kutauniko akamudikirira ndani?

"Aneba, kwa apongozi tipitira limodzi, pakamwa pakakhala panga. Kutauniko ndizikagona pansi, pambali pa bedi lanu, mpaka mwana alire."

Anayang'ana mimba yake.

"Mukatero ndipita. Koma musakandisiye pakhomo."

"Sindikusiyani."

Tinagwirana chanza pamwamba pa mpanda, dzanja lake likadali lonyowa.