Chipewa cha Woyendetsa Ndege

Panapita zaka khumi ndi zisanu ndegeyo itagwa, mkazi wa woyendetsa wake asanalimbe mtima kukaona malowo. Mtembo sanauone, bokosi linabwera lokhomakhoma. Ankafuna chinthu chimodzi chokha: kugwada pamene mwamuna wake anatsirizikira, amupereke m'manja mwa Mulungu ndi pakamwa pake.

Atafika, anapeza mabasi atatu a alendo odzaona malo ataima. Chindegecho chinagona chammbali m'chigwa, thupi lonse lili mayina okandakanda a anthu okondana. Atsikana ankavina pamwamba pa phiko. Wofuna kulowa kutsogolo, kumpando wa woyendetsa, ankaima pamzere, ndipo pakhomo panali wojambula zithunzi amene onse ankamutcha Kaputeni.

"Bwerani, amayi, ndege ikunyamuka, mutsala!" anatero Kaputeni, namugwira dzanja. "Mphindi ziwiri aliyense."

Asanayankhe, anali atamukhazika kale pampando, atamuvekanso chipewa chakuda chimene ankaveka aliyense.

"Gwirani chiwongolero. Tsopano kuwani ngati ikugwa! Ena amachita kutulutsa lilime."

Apamzere anaseka. Mayiyo anavula chipewacho pang'onopang'ono, nachitembenuza. M'kati munali msoko wokhotakhota wa ulusi wobiriwira. Anausoka yekha, m'mawa wina ulusi wakuda utamuthera.

"Mwana wanga, unachitenga kuti?"

"Ndinachitola m'tchiremo kalekale. Bwanji, chikukuthinani?"

"Ncha bambo a kunyumba kwanga."

Kamera inatsika. Kaputeni anagwira pakamwa.

"Amayi, mundikhululukire. Ine ndinkangoti... Tengani, chonde tengani."

Mayiyo anachinunkhiza. Mafuta a tsitsi ndi thukuta la anthu osawerengeka. Fungo la mwamuna wake munalibe.

"Ungondipatsa kanthawi, ndipemphere."

"Achimwene, mzerewu wafa?" anakuwa wina panja.

Kaputeni anaima pakhomo, natambasula manja. "Dikirani. Muno muli maliro."

Malo anali opanikiza, chitsulo chadzimbiri chikulasa mawondo, koma mayiyo anagwada. Pemphero limene analikonza zaka zonsezi, akutsuka mbale, akuyimba kutchalitchi, linamuthawa lonse ngati nkhungu ya m'mawa. Anakumbatira chipewacho pachifuwa.

"Ambuye, ndabwera mochedwa," ananong'ona. "Inu munalipo pamene ine panalibe. Mulandireni."

Misozi inayenderera, ndipo sanaipukute. Pawindo losweka, mlendo wina anakweza foni mwakachetechete, namujambula akulira.