Mkono Sunama

Ndatha zaka makumi awiri ndi zitatu ndikusindikiza zikwangwani za malonda, zikuluzikulu zija mumaziona m'mphepete mwa msewu. Anzanga kuntchito amanditchula Bambo Mkono. Nkhope ya munthu ikamatuluka m'makina, ndimapinda malaya n'kugunditsa mkono wanga patsaya lake kuti ndione ngati inki yagwira bwino. Kompyuta imanama nthawi zina, koma mkono sunama.

Kunena zoona, mkonowo sunkafanana kawirikawiri ndi nkhope zimene ankatitumizira. Wotsatsa sopo, woyera. Wotsatsa mkaka, woyera. Ngakhale wotsatsa feteleza, khasu lili paphewa, ankaoneka ngati dzuwa silimudziwa. Munthu wakuda bii ngati ine ankapezeka pachikwangwani chochenjeza za kolera basi. Ndinkangoti zili kwa eni ake, yanga ndi inki.

Ndiye mwana wanga wachiwiri, amene akuphunzira unamwino, anasankhidwa kuti atsatse mafuta odzola. Kunyumba sitinapume sabata yonse, mayi ake anauza ngakhale wogulitsa makala. Mwamwayi, ntchito yosindikiza inagwera kukampani kwathu.

Chithunzi chitafika ndinatulutsa kachidutswa koyesera, n'kugunditsa mkono. Ndinapsa mtima. Mwanayu anatengera khungu langa, koma apa anali atamuyeretsa ngati wagwera m'thumba la ufa. Mphuno ataisongola. Kachipsera ka pachibwano, ka tsiku limene anagwa panjinga yanga ali ndi zaka zisanu, atakafufuta.

Bwana anati ndisindikize mmene chabwerera, wojambula si ife. Anawonjezera kuti ngati ntchito yanditopetsa ndinene, ofuna malo anga ndi ambiri pageti. Sindinakane, sindinavomere. Ndinangowakumbutsa lamulo lathu lakale, loti tisanasindikize chachikulu, mwini ntchito abwere adzasaine pakoyesera.

Mwini ntchitoyo, mayi wa kukampani yotsatsa, ndinamuuza kuti afike masana, nthawi imene mkazi wanga amandibweretsera chakudya. Musandifunse ngati zinangochitika mwangozi. Onse atalowa ndinayala kachidutswa kaja patebulo. Mkazi wanga anaika mbale pansi, anakayang'ana, n'kumwetulira mwaulemu.

"Koma ndi wokongola. Ndi mwana wa ndani ameneyu?"

Mayi wa kukampani anafunsa kuti amayiwa ndi ndani, ndipo ndinamuuza kuti ndi amene anabereka mtsikana ali pachithunziyo.

Anayamba kufotokoza kuti iwo amangowalitsa pang'ono, kuti ndi zimene ogula amakonda. Iyenso anali wakuda ngati ife, ndipo polankhulapo manja ake ankathawira kuseri kwa fayilo. Mkazi wanga, amene amatha kulalatira munthu chifukwa cha supuni yosowa, tsiku limenelo sanakweze mawu. Anayang'ananso chithunzi chija nthawi yaitali, kufunafuna kachipsera.

"Mayi, ngati mumafuna mwana wina, bwenzi mutajambula wina. Wangayo ndibwezereni."

Mayi uja anatuluka panja, foni ili kukhutu, ndipo tinkamuona pawindo akuzungulira galimoto lake ngati wataya makiyi. Atabwerera anatsegula laputopu n'kundipatsa chithunzi choyambirira, chosakhudzidwa. Ndinatulutsa koyesera kena. Anasaina osandiyang'ana. Bwana sanandipatse moni masiku atatu, koma pageti sanaitanepo munthu.

Chikwangwanicho chili pamphambano, pafupi ndi pokwerera mabasi. Tsiku lochipachika ndinakwera nawo makwerero, ngakhale si ntchito yanga ndipo mawondo anga anasiya kale kukonda zoterezi. Pansi panali mwana wanga ndi mayi ake, amene anali atayamba kale kuimitsa anthu odutsa kuti awauze mwini nkhope.

"Ababa, mugwatu!" anakuwa mwanayo.

Sindinagwe. Ndinapinda malaya, mtima uli wodzaza ndi kunyada, n'kugunditsa mkono patsaya lalikulu ngati chitseko. Sindinathe kuona pamene mkono wanga ukuthera ndi pamene mwana wanga akuyambira.