Mudzandifuna

Galu amene analuma Afisa anamutsekera m'khola la waya kuseri kwa chipatala cha ziweto. Kumaso kunali kwa agalu a azungu a ku Sunnyside ndi ku Nyambadwe, obwera pa galimoto. Masiku a Chitaganya amenewo munthu wakuda ankalowera chipata chakumbuyo, ndipo Che Nasoro, bambo wake wa Afisa, anachizolowera msanga. Masana aliwonse ankaimika lole ya fodya imene ankayendetsa ku Limbe, n'kudzaima pa waya.

Chibadwire anali asanakhudzepo galu, koma tsopano moyo wa mwana wawo unali pa galu ameneyu. A Kingstone, othandizira dokotala wa ziweto, anawalongosolera kuti galu wa chiwewe sakhalitsa. Akapyola masiku omuyang'anira akudya bwinobwino, ndiye kuti malovu ake analibe matenda. Afisa ankabayidwa jakisoni wa pamimba, komatu analumidwa pakhosi, ndipo wolumidwa pamenepo nthawi zina jakisoni amamuchedwera.

Galuyo sankadya. Ankangokhala pakona, wakuda, nthiti pamtunda, maso ali kuchipata.

"Lero wadyako?" anafunsa Che Nasoro.

"Ngakhale kununkhiza," anatero a Kingstone. "Ndamuikira nyama ya agalu a kumasoko, Che Nasoro, imene ine chikwatire sindinailawepo. Iye wayang'ana kumbali ngati mkamwini wokwiya."

"Ndiye ndi chiwewe?"

"Chibwano sichinagwe, dovu palibe, madzi akumwako. Koma a dokotala akuti galu wosadya ndi wokayikitsa. Mawa akapanda kudya amupha, mutu autumiza kokauyeza. Inu mudzangodikira, kuyang'ana mwana uku mukuyang'ana msewu." Anapukuta manja pa epuloni. "Ena amaleka kudya chifukwa cha chisoni basi. Mwini wake ali kuti?"

"Anamwalira."

"Nanga dzina lake? Galu wotere sadya popanda kumuitana. Ine ndayesa Tiger, ndayesa Bobi, mpaka ndamuitana achimwene."

Dzinalo Che Nasoro ankalidziwa kuposa aliyense.

Mwini galuyo anali a Constance, mayi wamasiye amene makolo awo anachokera kwa Apwitikizi, ndipo anayandikana nyumba ndi Che Nasoro ku Ndirande. Ali kamwana, kagaluko kananyambita ketulo ya madzi amene Che Nasoro ankasamba asanapemphere. Iwo anakuwa pamaso pa anthu kuti mayiwo ndi chinyama chawocho asadzapondenso pakhomo pawo, palibe amene akuwafuna. A Constance anangopatsa kagaluko dzina, ndipo madzulo aliwonse ankaima pa mpanda ndi mbale, nkhope italoza kwa Che Nasoro, n'kumaitana mokoka mawu. Mayiwo atadwala, galuyo anabwera kudzalira pakhomo pa Che Nasoro, iwo anamugenda. Anthu anawapeza mayiwo atauma kale. Kumaliro Che Nasoro sanapiteko. Afisa ndiye anamvera chisoni galu wogona pa chitseko cha nyumba yopanda munthu, namupititsira madzi, galuyo n'kumuluma.

"Che Nasoro, dzina?"

"Ndipatseni mbaleyo."

A Kingstone anawayang'ana kaye, kenako anawapatsa. Che Nasoro ananjuta, nailowetsa pansi pa waya. Dzuwa linali paliwombo, koma agalu onse a m'makola ena analeka kuuwa nthawi imodzi, ngati wina wawatseka pakamwa.

"Mudzandifuna," ananong'ona.

Galu sanagwedezeke.

"Kwezani mawu," anatero a Kingstone. "Muitaneni mmene ankaitanira mwini wake."

Che Nasoro anaganiza za Afisa, nsanza yoyera ili pakhosi. Anatsegula pakamwa, ndipo mawuwo anatuluka mokoka, opyapyala, okwera kumapeto, monga ankamvekera pa mpanda paja.

"Mudzandifuunaa!"

Makutu a galu anaima. Anadzuka miyendo ikunjenjemera, nabwera ku waya akugwedeza mchira. Koma sanayang'ane Che Nasoro. Maso ake anali pamwamba pa phewa lawo lamanja, pamene pangafike nkhope ya munthu wamfupi ataima kumbuyo kwawo. Analira pang'ono mokondwa, naweramira m'mbale. Ankati akameza, n'kudzutsa mutu kuyang'ana pomwepo, n'kudyanso.

"Wadya!" anaseka a Kingstone, koma kusekako kunathera panjira. Nawonso anayang'ana paphewa paja, kenako pansi. "Uyu si wa chiwewe. Koma mawa mubwerenso, ndi mkuja. Kwa ine sadya."

"Ndibwera."

Che Nasoro sanacheuke. Kumsana kwawo kunkazizira ngati aima pamthunzi, chonsecho pabwalopo panalibe mtengo. Anakhala chinjutire mpaka galu ananyambita mbale. Kenako, pang'onopang'ono, anasendera kumanzere, kusiya malo pa waya.