Munda wa Faines Paphiri

Chaka chotsatira chisankho cha zipani zambiri, Faines anabwerera kwawo kufupi ndi Kasakula ali ndi mwamuna wake Gregorio ndi ana asanu. Ku esiteti ya fodya kumene ankakhala ngati matenanti anali atawauza kuti ntchito yatha.

Amayi ake, a Debora, anawalandira akumwetulira, koma mtima uli kumunda. Munda umene makolo anawasiyira unali waukulu, wolima mpaka kutopa osaona malire. Koma anali ataudula kale katatu, kugawira ana awo ena aakazi atatu atakwatiwa, Faines ali ku esiteti. Kachigawo kamene kanawatsalira munthu ankakapalira m'mawa umodzi.

"Nanga ife tilima pati, amayi?" anafunsa Faines.

A Debora anangoyang'ana kuphiri. Kumtunda kwa munda wa Tabita, mwana wawo woyamba, kunatsala kankhalango ka misuku. Kwina konse kunali zitsa zokhazokha, poti aliyense wogwira nkhwangwa masiku amenewo ankati ndi ufulu wake.

"Bambo a Madalo," anatero kwa mkamwini wawoyo, "kagwetseni mitengo ija. Kulibenso kwina."

Gregorio anagwetsa, kutentha, n'kuunda mizere pakati pa miyala. Chimanga chinamera bwino ndithu. Koma mu Januwale kunagwa chimvula chosalekeza. Madzi, posowa chowagwira, anatsetsereka ndi dothi lonse, kukumba chigwembe pakati pa munda wa Tabita n'kukwirira mbewu zake ndi mchenga.

Tabita anafika pakhomo miyendo ili matope okhaokha.

"Iwe Faines, wabwerera kudzatipha ndi njala? Bwanji sunakhale konko?"

"Achemwali, inenso ndinabadwira pano," anayankha Faines akulira. "Kumunda kwanga kwatsala miyala."

A Debora sanadzudzule aliyense. Mphamvu zake analibe. Anatenga khasu, ana awiriwo ali pambuyo, napita kukachigawo kawo kaja. Anaponya khasu pakatikati n'kuzika mtengo wa chinangwa.

"Kumtunda n'kwa Faines, kumunsi n'kwa Tabita. Ine ndizidya kwa inu."

Panalibe wothokoza. Aliyense ankayeza ndi maso mbali ya mnzake.

Zokolola sizinafike ngakhale nyengo yotentha. Gregorio anapita ku Mponela kukanyamula matumba a chimanga pamsika, ndipo kumudzi ankangobwera mwa apo ndi apo. Faines ndi Tabita ankapatukirana panjira ya kuchitsime. A Debora, amene moyo wawo wonse anali asanakhalepo opanda khasu m'manja, ankangotsala pakhonde ndi makanda, msana ukuwawa ndi kubereka.

Kusanagwe mvula ina, Tabita anabwera kudzakhala pambali pawo.

"Amayi, mdzukulu wanu Eveline wapeza mwamuna. Akuti adzamanga konkuno."

A Debora anasisita mawondo.

"Kamufunseni kaye," anatero, "ngati kwawoko kuli munda."