Chithunzi cha Mphunzitsi Wachitatu

Makutu a amayi ake a Mzime anali atayamba kufa, ndipo odziwa zimenezi anali anthu awiri okha: eni makutuwo ndi Mzimeyo. Kunyumba nkhaniyi sinkatchulidwa. Wailesi inkangokwera mawu chaka ndi chaka, ndipo Mzime akafuna kuyankhula nawo ankazungulira n'kukaima kudzanja lamanja, kumene khutu linali likugwirabe pang'ono. Kusukulu kumene ankaphunzitsa ana aang'ono anali atapeza njira zawozawo: kuyang'ana milomo, kugwedeza mutu, ndi kufunsa ana a kutsogolo okhaokha. Kunatsala chaka chimodzi kuti apume pa ntchito. Ankafunitsitsa kutuluka ali ndi choko m'manja, osati kukamalizira m'kachipinda kosungiramo mabuku ong'ambika, kumene ahedi ankakankhirako aphunzitsi amene thupi lawakana.

Mzime, mwana wawo womaliza, ankachita digiri yachiwiri ya zamaphunziro. Chaka chimenecho yunivesite inagwidwa ndi matenda ofuna kusakaniza anthu. Pulofesa wina anatola ophunzira anayi a m'nthambi zosiyana, n'kuwatsekera m'chipinda chimodzi kuseri kwa laibulale, n'kuwapatsa funso limodzi loti agawane: n'chifukwa chiyani ana okhala kumbuyo kwa kalasi amatsalira pa maphunziro?

Anayiwa sankagwirizana pa chilichonse kupatula pa ketulo. Injiniya anali mnyamata wamtali wokhulupirira kuti chinthu chosayezeka ndiye kuti kulibe. Gawo lake linali kuyeza mmene mawu amayendera m'kalasi. Loya anali asanaimepo m'khoti ngakhale tsiku limodzi, koma ngakhale popempha shuga ankayamba ndi "malinga ndi". Iye ankaona za ufulu wa ana komanso chitetezo cha onse olowa m'kafukufukuyo. Wachitatu anali mtsikana wa zaluso amene ankamutchula Makala, chifukwa ankajambula ndi makala ndipo chilichonse chimene wagwira chinkada, kuyambira makapu mpaka kolala ya Loya. Malamulo ankaletsa kujambula ana ndi kamera, choncho Makala ndiye anali kamera ya gululo. Mzime ankayang'ana kaphunzitsidwe.

Ankafuna masukulu atatu. Awiri anavomera atawazunguza mpaka nsapato kutha, koma lachitatu linasowa. Mzime anangouza amayi ake pa chakudya cham'mawa, amayiwo anakayankhula ndi ahedi, ndipo khomo linatseguka sabata yomweyo. Kalasi imene ahedi anapereka inali ya amayiwo. Mzime sanawauze anzake za ubalewu, popeza akanatero Loya akanatulutsa buku lonse la zoletsa. Anadziuza kuti kafukufukuyu ndi wa zipupa ndi madenga, makutu a munthu sakukhudzidwa.

Anagwira ntchito teremu yonse. Injiniya ankamata timaikolofoni m'zipupa, kena kumbuyo kwenikweni, kena pa tebulo la mphunzitsi. Makala ankakhala pakona ndi pepala pabondo, ana n'kumamusuzumira. Mzime ankalemba mwana aliyense akayankha, ndi zimene mphunzitsi wachita ndi yankholo. Amayi ake m'kalasimo ankamutchula "alendo athu a ku yunivesite", nkhope ili gwa, koma akatembenukira ku bolodi ankamwetulira okha.

Zotsatira za masukulu awiri oyamba sizinadabwitse munthu. Madenga anali a malata opanda siling'i, lina mwa masukuluwo linali m'mphepete mwa msewu wa malole, ndipo mawu a mwana wa kumbuyo ankafika kutsogolo atasweka. Kalasi yachitatu ndiyo inasokoneza zinthu. Inali ndi siling'i, mawindo athunthu, kutali ndi msewu. Komabe m'kalasi imeneyi ndi momwe mayankho ambiri a ana a kumbuyo ankagwera pansi popanda wowatola.

Masana ena Injiniya anawaitana onse kuti amve zimene kamaikolofoni ka pa tebulo la mphunzitsi kanatola. Munamveka mphunzitsi akufunsa funso. Kenako kamawu ka mtsikana, komveka bwino ngati kali pomwepo, kanapereka yankho lolondola. Kanabwereza, n'kubwerezanso mokweza. Ndiye munamveka mphunzitsi uja akuti, "Palibe wodziwa? Nonsenu mwagona?"

"Mwamva eti?" anatero Injiniya, akusangalala ngati watola ndalama. "Chipindachi chilibe mlandu. Mawu akufika pa tebulo ali bwinobwino. Pamene makina anga amva, munthu wayenera kumva. Mayiyu samva, basi."

"Ndi amayi anga," anatero Mzime.

Ketulo inawira n'kudzizimitsa yokha. Loya anatseka makutu ndi manja onse awiri n'kunena kuti, "Ine zimenezo sindinamve." Atazindikira kuti nthabwalayo yagwera pabala, anatsitsa manja msanga n'kuyamba kukonza mapepala amene anali okonzeka kale.

Mzime anawafotokozera za chaka chotsalacho ndi za kachipinda ka mabuku ong'ambika. Sanalire. Anangopempha kuti kalasi yachitatu ichotsedwe m'kafukufukuyo.

"Aaa, iwe, chonde," anatero Injiniya. "Ukachotsa imeneyo ine nditsala ndi chiyani? Ndikaime pamaso pa mapulofesa n'kumati malata amasokosa? Zimenezo ngakhale mbuzi ikudziwa."

Anapita kwa Pulofesa osatchula za ubale, n'kungofunsa ngati n'kotheka kusiya kalasi imodzi. Pulofesa, atamvetsera mawu ojambulidwa aja, anawayang'ana pamwamba pa magalasi n'kuwauza kuti zotsatira sizitayidwa chifukwa choti zikuwawa, ndipo kamtsikana kamene kanayankha katatu kaja nakonso ndi munthu. Kamawu kaja kanali kakumulira Mzime m'mutu kuyambira tsiku lija. Zinamupweteka kuti Pulofesa akunena zoona.

Ndiye Loya anaimirira pa ntchito yake, ndipo tinene chilungamo, anaigwira ndi mtima wonse. Anati munthu amabisika, bola kutsata ndondomeko. Anachotsa mayina a aphunzitsi n'kuika Woyamba, Wachiwiri, Wachitatu. Anachotsa mayina a masukulu, zaka za aphunzitsi, ngakhale kalasi imene aliyense amaphunzitsa. Mawu ojambulidwa aja analamula kuti asamveke pagulu. Masukulu atatuwo pamodzi anali ndi aphunzitsi ochuluka, ndipo ofufuzawo anali atalowako m'makalasi ena angapo poyeserera zida, choncho Wachitatu akanatha kukhala aliyense.

Chinatsala ndi chithunzi cha amayiwo chimene Makala anajambula. Makala sakanachisiya, chifukwa mutu wonse wa pepala lake unali wa mmene thupi la mphunzitsi limaimira m'kalasi. Loya anamuimirira kumsana akufufuta. Nkhope inapita, tsitsi linapita, maluwa a pa diresi, wotchi ya pamkono, nsapato, zonse zinapita, mpaka munthu sakanadziwa ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Chinatsala chinali chithunzithunzi chakuda chitaima patsogolo pa mizere ya timitu: phewa limodzi patsogolo, mutu utapendekeka, dzanja logwira choko litapindidwira kumsana.

"Mwandiphera chithunzi," anadandaula Makala.

"Malinga ndi ndondomeko, tiyenera kuchiyesa," anatero Loya.

Anachitengadi n'kumayenda nacho. Anaonetsa mphunzitsi wina wa pasukulu pa amayiwo amene anakumana naye pa siteji ya basi, n'kumufunsa kuti ameneyu ndani, sanadziwe. Anaonetsa mlongo wake wa Mzime, mwana wobadwa m'mimba yomweyo, ndipo iye anachitembenuza uku ndi uku n'kufunsa ngati ndi mtengo wopindika. Loya anabwerera ali wonyada. Anawonjezera lamulo limodzi lomaliza: mawu onena za makutu asalembedwe pa zoonetsa pakhoma.

"Zolembedwa anthu amazijambula ndi foni n'kumatumizirana," anatero. "Zapakamwa zimathera m'holo momwemo. Pakhoma paoneke chithunzi chokha ndi nambala yake."

Pa kafukufuku wotere pali chizolowezi chabwino ndithu: zotsatira zimabwezedwa kwa eni ake. Amene munawavutitsa ndi mafunso mumawaitana, n'kuwauza zimene mwapeza. Makalata anapita ku masukulu atatu onse ndi ku ofesi ya oyendera masukulu.

Mzime anayesa kuwaletsa amayi ake. Anawapeza kukhitchini akusenda anyezi, n'kuima kumanja kwawo.

"Amayi, zimene zija n'zotopetsa. Manambala okhaokha. Mukangogonako."

"Iwe, mwana wanga akaime pamaso pa mapulofesa ine ndili pano ndi anyezi? Diresi ndapereka kale kwa telala."

Mzime anazungulira tebulo ngati akufuna mpeni, n'kukaima kumanzere. Ali kumeneko ananena zonse: za kamaikolofoni, za kamtsikana koyankha katatu, za zimene zikanenedwe m'holo. Ananena ndi mawu apansi, akuyang'ana m'sinki. Amayi ake anapitiriza kusenda, kenako anamufunsa ngati mafuta ophikira atsala. Mzime anatuluka m'khitchinimo akudziuza kuti wawauza.

Tsikulo holo inadzaza kuposa mmene ankayembekezera, chifukwa aphunzitsi sakana malo amene kuli tiyi. Kunkatentha, mafani awiri ankazungulira mwaulesi, ndipo zokuzira mawu zinkalira ngati njuchi, moti Injiniya anachita manyazi m'malo mwa yunivesite yonse. Amayi ake a Mzime anakhala pa mzere woyamba ndi diresi yatsopano yobiriwira, chikwama pamiyendo. Kumanja kwawo kunali ahedi, ndipo pafupi ndi ahediwo panakhala mkulu woyendera masukulu, bambo wonenepa wa cholembera chofiira.

Injiniya anayamba ndi madenga ake, anthu n'kuwomba m'manja chifukwa aliyense anali ndi denga lomudandaulitsa. Loya anafotokoza za ufulu wa mwana womva ndi kumvedwa, n'kutsimikizira onse kuti palibe mphunzitsi amene angadziwike. Gawo la kalasi yachitatu linali la Injiniya, koma Mzime anali atalipempha, poopa kuti mnzakeyo akalinena ngati akulengeza zigoli za mpira.

Anaima pa maikolofoni n'kuweramitsa mutu pa pepala, kuti milomo yake isaoneke kuchokera pa mzere woyamba. Anawerenga mosathamanga. Anati m'kalasi ya Mphunzitsi Wachitatu chipinda n'chabwino ndipo mawu amafika, koma mayankho ambiri a ana a kumbuyo salandiridwa. Anati zizindikiro zonse zikuonetsa kuti mphunzitsiyo samva bwino, ndipo pofika kumapeto kwa teremu ana a kumbuyo anali atasiya kukweza manja.

M'holomo munadutsa kaphokoso. Aphunzitsi anayamba kuyang'anana m'mbali, aliyense akuyeza makutu a mnzake. Woyendera masukulu analemba kanthu n'kudula mzere pansi pake. Amayi ake a Mzime ankagwedeza mutu mokondwa, monga ankachitira nthawi zonse munthu akamayankhula patali.

Makala anadina batani, chithunzi chija n'kudzaza khoma, pansi pake pali mawu awiri okha: Mphunzitsi Wachitatu.

Loya anali atafunsa aliyense ngati akumudziwa munthu wa pachithunzicho. Sizinamufikire m'mutu, ngakhale m'mitu ya anzake atatu ophunzira bwinowo, kuti pali munthu mmodzi amene wakhala m'thupi limenelo moyo wake wonse. Amayiwo anatsegula chikwama, kuvala magalasi, n'kuyang'anitsitsa. Nkhope yawo inawala. Anamenya ahedi pabondo.

"Ahedi, taonani! Ndine uyo!"

Ananena ndi mawu aakulu a munthu amene sadzimva yekha, moti anafika mpaka ku mzere womaliza popanda chokuzira. Ahedi anayesa kuwagwira mkono, koma iwo anali ataimirira kale.

"Ndithu ndine! Ndi mmene ndimaimira ndikamadikira yankho, choko kumsana chonchi. Mtsikana wa zala zakuda uja ali ndi dzanja, wangoiwala nkhope." Anatembenukira anthu onse, akuseka. "Mphunzitsi Wachitatu ndine, anzanga. Ndipo amene akuyankhulayo ndi mwana wanga, mzime wanga ameneyo."

Anawomba m'manja okha. Aphunzitsi awiri atatu anawathandiza mwaulemu, kenako anasiya. Pulofesa anavula magalasi n'kuyang'ana Mzime nthawi yaitali. Woyendera masukulu anapendekera kwa ahedi, cholembera chili m'manja, n'kufunsa chapansipansi dzina la mayiyo ndi kalasi yake, ndipo ahedi, atazengereza pang'ono, anamuuza.

Amayiwo anakhala pansi, kukonza diresi pamaondo, n'kuona kuti mwana wawo wangoima chilili. Anaganiza kuti ndi mantha a pagulu, ndipo anamumvera chisoni.

"Usaope, mwanawe, pitiriza," anatero. "Dzutsa mutu, ukweze mawu. Wati chiyani za ine? Bwereza, anthuwa amve bwino."